Amene Ananyamula Achimwene

Ndinadzuka mzikiti wa kuseri kwa nyumba usanayambe kuitana. Ndati kudzuka, koma tulo sitinabwere n'komwe. Ndinali pa mpando wa pabalaza m'nyumba ya achimwene ku Al Qusais, kuno ku dziko la eni, popeza pabedi pawo ndinalephera kugonapo. Adona amene ndimawalerera ana ku Jumeirah Village Circle anali atandipatsa masiku atatu, n'kundiuza kuti pobwerera ndikayezetse kaye Korona.

Siwa tinachitira pa foni. Kwathu ku Ntcheu anthu anachezera kuimba pabwalo la amayi, mtembo palibe. Kuno mtembo unalipo, koma anthu oulira panalibe. Achimwene sanamwalire ndi Korona ayi, anangogwa ku ofesi ndi kuthamanga kwa magazi. Koma ndege zinali zitaima, choncho tinavomera kuti agone konkuno, kumanda a Akhristu a kunja kwa mzinda.

A kampani yoyendetsa maliro anatiuza kuti kumanda kulowa anthu asanu ndi atatu okha, ndipo maina aperekedwe lisanafike tsikulo. Wachibale ndinali ine ndekha, motero cholembera chinali m'manja mwanga. Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndinene bwinobwino mmene zinakhalira.

Achimwene ankagwira ntchito pa kampani ya Ajapani yogulitsa zipangizo za galimoto. Zaka zoyamba anaona zakuda posadziwa kakhalidwe ka mabwana awo, ndiye atazolowera anayambitsa gulu la alendo anzawo ogwira ntchito ndi Ajapani. Munali Amalawi, a ku Zambia, a ku Kenya, Amwenye ndi ena. Ankakumana kamodzi pamwezi ku Silicon Oasis, kuphunzitsana kaweramidwe ndi kayankhulidwe ka pa msonkhano, kupezerana ntchito ndi makasitomala. Ajapani awiri atatu ankabweranso. Gulu limenelo achimwene ankalikonda ngati mwana wawo wachisamba.

Ine ananditengerako kamodzi. Aliyense amene ndinakumana naye ankatulutsa kakhadi kolembedwa dzina ndi udindo, n'kundipatsa ndi manja awiri ngati akupereka madzi kwa apongozi, kenako n'kudikira kanga. Wolera ana ali ndi khadi yanji? Ndinangoti njo, manja lende. Palibe amene anandiseka, ndipo kukanakhala bwino akanatero, ndikanadziwa womukwiyira. Bwana wa achimwene, bambo wachijapani wa imvi, anandiweramira mpaka pansi, ine n'kuyesa chipongwe. Pobwerera mu sitima ya Metro ndinawauza achimwene kuti asadzanditengerenso kwa anthu awo a makhadi. Iwo anaseka, amvekere mtima wanga ndi wapachala. Zaka ziwiri zinadutsa, ine ndikusungabe kampeni kumphasa.

Kutatsala masiku awiri kuti tiike maliro, mlembi wa gululo, bambo wa ku Chipata, anandiimbira.

“Asisi, ise a gulu tifuna kudziwa ngati kuli malo. Olo awiri chabe.”

“Zivuta,” ndinatero ine. Pepala linali lisanalembedwe ngakhale dzina limodzi.

“Tamva, asisi. Pepani maningi.”

Ndinaika foni pambali n'kumadikira kuti ilirenso. Kwathu munthu akakukaniza za maliro suchoka, umabwereza, umatuma wamkulu, mpaka wokanayo afewe. Ndinkafuna andipemphe kawiri katatu, alaweko nawonso kuima pamaso pa munthu ulibe chopereka, kenako ndiwalole. Chimene ndinaiwala n'chakuti anthu amenewa anaphunzitsidwa ndi achimwene anga omwe. Kangati ndinawamva akufotokoza kuti Mjapani akati zivuta ndiye kuti wakana, ndipo kumupemphanso n'kumuchititsa manyazi? Foni sinalire. Ndi mkwiyo ndinalemba dzina langa, la abusa athu okalamba, ndi a amayi asanu ndi mmodzi a kumpingo. Za woti anyamule bokosi sizinandibwerere m'mutu.

Kutayamba kuyera ndinasamba n'kuvala chitenje chimene achimwene anandigulira. Potsegula chitseko ndinapeza chikwama pakhomo. Munali mabotolo a madzi ndi maambulera akuda asanu ndi atatu. Wobweretsayo sanagogode ndipo sanasiye kalata, koma ndinadziwa kumene zachokera. Ndinachinyamula n'kutuluka nacho.

Pamene tinkanyamuka, dzuwa linali litayamba kale kuotcha, mphepo yake yonga yotuluka mu uvuni. Misewu inali pululu. Galimoto ya maliro inali patsogolo, ife m'matakisi pambuyo, awiriawiri, masiki kukamwa. Amayi awiri a m'takisi ya kumbuyo anayesa kuyambitsa nyimbo pa foni kuti tonse tiimbire limodzi, koma mawu ankafika mochedwa, nyimbo n'kumapingasana, mpaka tinaleka. Ulendo wonsewo palibe galimoto inaima, palibe anavula chipewa. Mumzinda uno mtembo umadutsa ngati katundu wina aliyense.

Ndinawaona tisanafike pa geti. Amuna khumi ndi awiri kapena kuposapo, masuti akuda, mataye akuda, ataima mumzere m'mbali mwa msewu motalikiranatalikirana monga lamulo linkanenera. Panalibe mtengo, panalibe mthunzi. Mlonda wa kumandako anatiuza pambuyo pake kuti anafika ola lathunthu ife tisanabwere. Galimoto ya achimwene itayandikira, onse anawerama pamodzi, ndipo sanaweramuke mpaka inalowa. Woyamba pamzerewo anali bambo wa imvi uja.

Ndinatsika n'kuthamangira kwa mlonda. Ndinamupempha kuti alowetse amuna anayi okha. Amayi awiri a kumpingo anati iwo atsala panja, malo awo atenge abambowo. Mlondayo analoza pepala lake, anapukusa mutu, n'kuti khalas, kutanthauza kuti nkhani yatha. Ndinayamba kukweza mawu, ndipo mlembi wa ku Chipata anasendera n'kuima chapatali pang'ono.

“Lekani asisi, musavutane naye. Ise tizaimilila pano. Yendani mukaike abale athu.”

Sanandifunse chifukwa chimene malo aja anavutira. Ndinalakalaka akananditukwana.

Mkatimo galimoto inaima pamene msewu unathera, ndipo kukafika pa dzenje panali kamtunda ndithu. Woyendetsa anatsegula kumbuyo n'kutiyang'ana. Ife tinayang'anana. Amayi asanu ndi awiri, ndi abusa oyenda ndi ndodo. Achimwene anali munthu wathupi. Tinayesa kugwira zogwirira, bokosi linangosuntha pang'ono n'kupendekeka, mayi mmodzi n'kukuwa. Pamenepo woyendetsayo anaitana antchito a kumanda. Anabwera anayi, ovala maovolosi, magolovesi ndi masiki, mmodzi akutafunabe chimene amadya. Sindiwanena zoipa, anagwira ntchito yawo mwaulemu. Koma dzina la munthu amene ananyamulayo sankalidziwa, ndipo ankayenda mofulumira, akuuzana yalla, yalla, chifukwa maliro ena ankadikira.

Ine ndinkatsatira pambuyo, foni ili m'mwamba kuti amayi kumudzi aone. Ndinkamva kulira kwa ku Ntcheu kukutuluka m'kafoniko. Nditacheuka ndinaona kuti kupyola mpanda wa waya mzere wakuda uja ulipobe, ukuyang'ana kuno. Amuna amphamvu zawo, oti akanamunyamula mnzawo pamapewa pang'onopang'ono, anali pa dzuwa kunja kwa geti chifukwa cha kakhadi kamene ine ndinalibe. Ife osankhidwafe tinali pa mthunzi wa maambulera awo.

Mwambo sunatalike. Abusa anawerenga mawu, tinaimba ndime ziwiri, ndinaponya dothi. Silinali dothi kwenikweni koma mchenga wotentha, woti sugwirika m'manja. Antchito aja anakwirira, ife n'kuuzidwa kuti nthawi yathu yatha.

Potuluka tinawapeza ali pomwe paja, malaya atanyoweratu ndi thukuta. Kugwirana chanza kunali koletsedwa. Ndinadutsa pamaso pawo mmodzimmodzi, aliyense akundiweramira. Nditafika pa bambo wa imvi ndinafuna kupepesa. Koma iwo ndi amene anayamba kuyankhula, m'Chingerezi chapang'onopang'ono, kuti akundithokoza powalola kuima pafupi. Maso awo anali ofiira. Ndinangogwada pamchenga pomwepo, monga timachitira kwathu, mpaka amayi a kumpingo anandidzutsa.

Madzulo ndinabwerera ku Al Qusais ndekha, popeza amayi aja aliyense anayenera kufika kwa adona ake nthawi yoletsa kuyenda isanakwane. M'nyumba munali zii, kupatula firiji ndi ndege imodzi ya katundu imene inadutsa pamwamba. Sindinayatse magetsi. Ndinakhala pa mpando, nsapato zili kuphazi, mchenga wa kumanda ukadali m'zala.

Foni inalira, anali amayi anga kumudzi. Mawu awo anali atasasa. Anati chithunzi chinkadukaduka, sanaone bwino nkhope chifukwa cha masiki, koma panali chinthu chimodzi chimene chawakhazika mtima pansi.

“Aja anamunyamula aja, ndi anzake a gulu lija ankandiuza lija eti? Ukawathokoze, mwana wanga. Ndimaopa kuti kuchilendoko amunyamula anthu osamudziwa.”

Ndinati eya, amayi, ndi omwewo. Mpaka lero sindinawauze.