Dzina la Eni Ake

Amene timapemphera ku Zingwangwa tikuwadziwa bambo Maziko, aatali aja, ofika pa tchalitchi geti lisanatsegulidwe, ambulera ili m'khwapa ngakhale mu Okutobala. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu ankayankha dzina loti Jameson. Ine ndine Patience wa m'kwaya, ndipo aka n'koyamba kulemba mbiri ya munthu. Zonsezi ndawawerengera eni ake kawiri, avomera kuti zituluke momwemu.

Anabadwira ku Thyolo mu 1970, dzina lawo laubatizo ndi Yona. Pakhomo pawo pankakulanso Jameson, mwana wamasiye wa bambo awo aakulu, wowaposa ndi chaka chimodzi. Awiriwa analemba mayeso a Sitandade 8 limodzi mu 1986. Atangolemba, Jameson anabwera ku Blantyre kudzaphunzira kukhoma zidebe ndi mbaula. Kalata ya ku sekondale itafika kumudzi, dzina linali la Jameson. Yona sanasankhidwe.

Bambo ake a Yona anati, "Mnzako wapeza kale ntchito ya manja, malo asatayike." Anamugulira sutikesi ndi kumuuza kuti kusukuluko akamva Jameson aziyankha. Kwa Jameson weniweni anatumiza mawu oti walephera, amene wasankhidwa ndi Yona.

Ndisamale apa, pakuti bambo akewo ndi malemu, sangadziyankhire. A Maziko eni ake akuti, "Musawasenzetse bambo okha. Pakamwa ndinali napo."

Sukulu anamaliza, napeza ukalaliki pa kampani ina yonyamula katundu. Mu 1996 anakwatira mayi Modesta, ndipo ali ndi ana anayi. Mayiwo akamva akumudzi akuti Yona, ankauzidwa kuti ndi dzina la paubwana. Koma ku Chirimba, kumene mkulu wawoyo amagwira ntchito, bambo Maziko sankapondako. Akakumana pa maliro kumudzi, moni wa chala basi.

Chaka chathachi mpingo unawasankha kukhala mkulu wa mpingo. Tonse tinakondwa. Iwo anasiya kudya. Akuti akaganiza zogwada kutsogolo, abusa atawasanjika manja n'kutchula dzina lakuba pamaso pa Mulungu, ankangokankhira mbale kutali. Lachinayi la sabata yowaika paudindoyo anawakhazika pansi akazi awo ndi kuulula zonse.

Mayi Modesta anawamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati, "Ndiye ine ndinakwatiwa ndi ndani, abambo inu?"

"Ndi ine ndemwe."

"Inuyo ndikukuonani. Koma m'buku la ukwati muli mlamu wanga wa ku Chirimba! Musalirire pano. Kalirireni kwa mwini dzina."

Loweruka m'mawa anakwera minibasi ziwiri mpaka ku Chirimba. Anawapeza a Jameson pansi pa shedi ya malata akukhoma mbaula, akazi awo a Regina akupaka utoto zidebe pambali.

"Eee, abwana a ku Zingwangwa! Mwasochera? Kapena kwagwa maliro?"

"Achimwene, ndabwera ndi mlandu."

Anagwada pafumbi pomwepo ndi suti yawo, pakati pa zidutswa za malata, nafotokoza za kalata, za sutikesi, zonse. A Jameson sanasiye kukhoma. Kho! Kho! Kho! Bambo Maziko akuti anamaliza kulankhula, nyundo ikulirabe, mpaka mbaulayo inatha. Mumtima anati basi, pano palibe changa.

Kenaka a Jameson anaponya nyundo pansi. "Regina, tawauza alamu akowa za wailesi."

A Regina anawomba m'manja. "Alamu, inu munatsala pang'ono kundithetsera banja! Mu 1996 ndikuchapa panja, wailesi ikulengeza maukwati. Ndingomva, a Jameson Maziko a ku Thyolo akwatira a Modesta Loweruka likudzali. Ine ndili ndi mwana kumbuyo! Ndinamanga katundu tsiku lomwelo. Awa akubwera ku ntchito anandipeza ndili pa siteji."

"Ndinalumbira mpaka malovu kuuma," anatero a Jameson. "Ndiye Lowerukalo tinapita tonse kukamuona Jameson wokwatirayo. Tinaima kuseri kwa galimoto. Kutuluka m'tchalitchi, ndiwe, tayi yofiira."

"Ndiye munkadziwa? Zaka zonsezi?"

"Ndinadziwa tsiku limenelo. Yona, ndisakunamize, ndinadana nawe. Zaka khumi ndinkati ndikamenya lata ndimaona mutu wako. Ine wokhoza uja, zala zonsezi mabala okhaokha. Ndinasiya ndi Mgonero womwe, chifukwa ndikanadya bwanji ndi mtima wotero? Kenaka ndinatopa. Ndinauza Ambuye kuti ndamukhululukira mwana uja. Koma chikhululukirocho ndikanakupatsa bwanji iwe osabwera kudzatenga? Ndakhala nacho muno ngati mbaula yoti mwini wake anaoda n'kusowa."

Bambo Maziko analira mokweza moti amisiri a mashedi oyandikana anasiya ntchito. A Jameson anawadzutsa ndi kuwasasa fumbi m'mawondo.

"Dzuka, ukuononga suti. Koma tamvera. Kwa ine zatha. Kwa anthu ako sizinathe. Mawa ndikubwera."

Tsiku lomwelo bambo Maziko anakaonana ndi abusa. Abusa anawauza mosabisa kuti sangawaike paudindo mpaka akulu a mpingo atakhala pansi, ndiponso kuti mwina sadzawaika n'komwe. Anawafunsa ngati akufunabe kulankhula pamaso pa mpingo. Anati inde.

Za Lamulungulo ndinaziona ndi maso anga, ndinali pa benchi ya kwaya. Ena atatu osankhidwa ataikidwa, abusa anati, "A Jameson Maziko aimirire." Anaimirira anthu awiri! Wina kutsogolo, wina kumbuyo kwenikweni, wamfupi, wa jekete yothina. Tchalitchi chonse khosi kutsogolo, khosi kumbuyo.

Bambo Maziko anati, "Abale, amene abusa aitana ndi awo ali kumbuyowo. Ine ndine Yona. Ndinaba dzina lawo, ndinaba sukulu yawo, ndipo inu nonse ndakunamizani."

Ndiye a Jameson anafuula ali komweko, "Ndamukhululukira! Dzinalo wandibwezera, ndipo sanalidetse kwambiri!"

Sindikudziwa amene anayamba nthungululu, ena akuti ndi mayi Modesta, iwo akukana. Amayi a chigwirizano anaimirira, ife a kwaya tinayamba nyimbo osadikira wotsogolera, ndipo abale awiriwo anakumana pakati pa mabenchi n'kukumbatirana. Sikuti onse anakondwa. Alipo amene anatuluka ali ndwii, ndipo mwana woyamba wa bambo Maziko anatha mwezi osawalankhula.

Akulu a mpingo anagamula kuti bambo Maziko adikire chaka. Za mapepala a boma akuyendera maofesi, sizinathe, ndipo sindikufuna kulemba zimene sindikuzidziwa bwino. Nditawafunsa ngati kuchedwa kwa udindowo kukuwapweteka, anaseka.

"Mwanawe, tandiitana."

"Bambo Yona."

"Wawa! Taitananso."