Tsiku lomwe ana anavulidwa nsapato

Ku Mgona sukulu tinamanga tokha. Njerwa tinaumba ife makolo, denga tinafolera udzu ndi mapepala. Aphunzitsi anali ongodzipereka, a Folomu 4 osowa ntchito. Sindiwanyoza. Mwana wanga wamkazi anadziwira kuwerenga momwemo.

Ine ndine kalipentala. Mwanayo ali Sitandade 3, ndinamugulira nsapato zakuda pa kaunjika. Zinali zoyamba m'moyo wake.

Tsiku lina anabwera kunyumba akulira, mapazi ali mbuu.

"Nsapato zili kuti?"

"Anativula, ababa."

Kusukuluko kunabwera alendo a bungwe lina ndi makamera. Asanafike, tcheya wa komiti ya makolo analamula ana onse kuti avule nsapato. Anaziika m'thumba, nkulibisa kuseri kwa chimbudzi. Alendo atapita, thumba silinapezeke.

Ndinasiya sowo, ulendo kwa tcheyayo.

"Atcheya, ana mwawavuliranji?"

"Khalani pansi, abambo. Mlendo akaona nsapato amati anthuwa zikuwayendera. Malata mukuwafuna kapena ayi?"

"Umphawi wathuwu wachepa kuti muziwonjezera wina?"

Anaseka. "Inu zachitukuko simuzidziwa. Zikhomani mipando."

Mwana anakana kubwerera kusukulu. Ndinamukalipira, osatheka. Amayi ake anamunyengerera, osatheka. Yankho lake linali limodzi: "Akabweranso alendo andivula diresi."

Sabata zinapita. Anayamba kutsatira amayi ake kumsika, kukagulitsa tomato. Ndinachita mantha. Mtsikana wa kuno akazolowera msika, sukulu yathera pomwepo.

Malata anabweradi. Komiti inandiitana kuti ndikhome denga mwaulere, poti ndine kholo. Ndinati ndikhoma, koma poyamba atcheya anene pamsonkhano wa makolo, ana akumva, kuti analakwa ndipo sadzavulanso mwana wa munthu.

"Inu mukufuna kundichititsa manyazi," anatero.

"Eya. Muwalaweko."

Anazengereza masiku. Koma mitambo inali itayamba kuda, ndipo kalipentala wina waulere analibe. Pamsonkhano anaimirira nanena, maso ali pansi, mawu osamveka. Ndinati abwereze mokweza. Anabwereza. Mwana wanga anali pambali panga, atandigwira malaya.

Lolemba anabwerera m'kalasi atavala patapata za amayi ake. Denga ndinakhoma masiku atatu, silidontha. Atcheya mpaka lero sindiwapatsa moni.