Mazira Amene Ndinanamizira Galu

Tili ku Sinda kuja, mpongozi wanga Tisauke, mkazi wa mwana wanga, anakhalitsa osatenga pathupi. Anamwino anamuuza kuti m'mimba, muja muchokera mbewu ya mwana, mukufunika mavitamini, ndiye azidya masamba, chiwindi ndi mazira.

Komatu ife tinakula tikuuzidwa kuti mkazi akadya dzira sabereka. Kumuletsa ndinachita manyazi, basi ndinkangotola mazirawo n'kuwabisa mu nkhokwe ya nsawa.

"Amayi, mazira aja ali kuti?"

"Wadya galu, mwanawe."

Galu wathu Masiye anamangidwa pamtengo wa mango chilimwe chonse, akundiyang'ana.

Tisauke atabereka anandinong'oneza kuti, "Amayi, mazira aja ndinkawapezatu mu nkhokwe muja, n'kumakazinga."

Tinaseka mpaka misozi. Koma Masiye anafa ndisanamupepese.