Chingwe cha Kiyibodi ya ku Lubuto

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga, amene amadziwa ndi pamene ndimabisa shuga yemwe adokotala anandiletsa.

Mumpingo mwathu ku Lubuto woyambitsa nyimbo ndine. Palibe anandisankha. Mkulu amene ankayambitsa anagwidwa chifuwa tsiku lina, ine ndinayamba, ndipo mpaka lero sanandiletse. Kuwerenga ndinaphunzira ndili kale ndi ana, kusukulu ya akuluakulu, choncho mawu a m'buku ndimawatsata ndi chala, koma manotsi sindiwadziwa. Ndimayambira pamene mmero wagwera, mpingo n'kunditsatira.

Chaka china achinyamata anasonkherana n'kugula kiyibodi. Lamlungu loyamba anailumikiza okha. Anatenga chingwe chakale cha m'kabati, mbali ina anailowetsa pabowo la mahedifoni, ina pamikisa, pamene timalowetsa maikolofoni ya abusa. Woimba atangogunda, masipika analira ngati lata likung'ambika. Amayi achigwirizano anagwira makutu. Nthawi ya pemphero, chapansipansi munkamveka wailesi ya Chibemba ikulengeza maliro. Abusa ananena ameni msanga.

Titatuluka anandiitanira pambali. "Akulu, paja mwana wanu wa ku Kitwe ntchito yake ndi yomweyi?"

Inali yomweyo. Amabwereketsa masipika pa maukwati. Ali wamng'ono anapanga banjo ya chitini cha mafuta ndi mawaya a mabuleki a njinga, ndipo ine ndinaiponya pambaula chifukwa ankaiimba tsiku la Sabata. Sanalire. Anangoima n'kumayang'ana chitini chikuda. Chiyambire pamenepo timalankhulana ngati anthu okhala mpando umodzi mu minibasi. Foni amaimbira amake, mankhwala amatumizira amake. Kunyumba anali asanagone zaka zambiri.

Amake ndiwo anamuimbira. Anafika Loweruka masana ndi chikwama cha zingwe, n'kundipeza m'tchalitchi ndekha, chifukwa makiyi amakhala ndi ine.

"Mwaswera, atate."

"Ndaswera, kaya iwe."

Anagwada kuseri kwa kiyibodi, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Analumikiza izi ndani?"

"Achinyamata."

"Ali moyo?"

"Onse."

Anayamba kuzula zinthu uku akufotokozera mikisa, osati ine. Anati bowo la maikolofoni linapangidwira mawu ofooka, pamene kiyibodi imatulutsa mawu amphamvu kale, ndiye mikisa imatsamwa. Anati chingwe cha m'kabati chija ndi cha sipika, chilibe chotchinga m'kati, n'chifukwa chake chimatola wailesi. Anatulutsa chake chakuda, n'kuchilowetsa pabowo lolembedwa L, mbali inayo pabowo la zoimbira. Mapulagi a kiyibodi, mikisa ndi masipika anawaika pasoketi imodzi, ndipo kaphokoso konga ka njuchi ka m'masipika, kamene tinakazolowera, mpaka ena ankati ndi denga, kanatha.

"Gwirani apa," anatero.

Ndinagwira. Mpaka lero sindikudziwa ngati chingwecho chinkafunika kugwiridwa.

Kenako anakhala pabenchi n'kuimba mzere woyamba wa nyimbo yathu yotsegulira. Mawu anatuluka oyera. Sindinadziwe kuti amaikumbukira.

"Yambani."

Ndinayamba. Sitinakumane. Iye anali padenga, ine pansi pa benchi.

"Atate, mwatsika."

"Ndili pamene ndimakhala masiku onse."

"Makiyibodi onse padziko amachunidwa mofanana. Iyi sinalakwe."

"Mpingo wonse umaimbira pomwepa."

"Poti munawaphunzitsa ndinu."

Ndinkayembekeza kuti anene kuti kuyambira mawa ndizikhala pansi, makina aziyambitsa. Akanatero sindikanatsutsa. Munthu amene unamuotchera choimbira ali ndi ufulu wokutseka pakamwa ndi choimbira china.

Iye anadina kabatani kakang'ono kumanzere. "Imbaninso."

Ndinaimba. Anapukusa mutu, n'kudinanso. Atadina kachitatu, kiyibodi inatsika n'kudzandipeza pomwe ndinali. Tinamaliza ndime yoyamba. Yachiwiri palibe anaitanitsa, koma tinaimbanso, iye akung'ung'udza besi, maso ali pazala zake. Titamaliza anapukuta manja pathalauza.

"Mukazimitsa imaiwala," anatero. "Muwauze achinyamata azidina apa katatu. Asaiwale, apo ayi amayi achigwirizano athyoka makosi."

Anakulunga zingwe zotsala. Chakuda chija anachisiya.

"Amako aphika," ndinatero.

"Ndili ndi ukwati ku Kitwe, masipika ali kale m'galimoto ya eni ukwati. Muwauze amayi ndiwaimbira." Anakoleka chikwama paphewa, n'kuyang'ananso kuseri kwa mikisa. "Zonse zili bwino tsopano. Simundifunanso, pokhapokha zitavuta."

Ndinamuperekeza mpaka pamsewu. Kondakitala anamukoka dzanja minibasi isanaime bwino. Ntchito yake inali yabwino kwambiri, ya munthu wodziwa. Ndinaona kuti chingwe chimenecho chikhoza kukhala zaka khumi osavuta, ndipo ine zaka khumi sindinalonjezedwe.

M'mawa mwake ndinapempha mkazi wanga nambala ya mwanayo. Anandiyang'ana, koma sanafunse. Ndinafika kutchalitchi anthu asanabwere, ndinatsegula kabati, ndinatenga chingwe chakale chija n'kuchibwezera, chakuda n'kuchipinda bwinobwino m'thumba la jekete. Nditayatsa, wailesi inabwera yokha, ikulengeza mitengo ya feteleza. Ndinaimba foni ndili chiimire.

"Ndani?"

"Ndine. Chibemba chija chabwerera."

Kumbuyo kwake kunkamveka mwana akulirira tiyi.

"Chingwe changa chili pompo?"

"Chili pafupi."

"Musachitaye," anatero. "Ndibwera Loweruka. Muwauze amayi ayale kuchipinda kuja."

Ndinadina kabatani kaja katatu, n'kukakhala pamalo panga kudikira mpingo, chingwe chikundibaya m'nthiti.