Wowalankhulira Bambo ku Intavyu

M'kabuku kanga ka chaka chimenecho muli tsamba limene ndinalembapo mawu atatu okha: "Bambo akufuna kuapulaya." Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo zambiri zimene ndinkachita nazo manyazi pakamwa ndinkazinena m'kabukumo.

Kuno kunja, kumene tinasamukira kuchokera ku Malawi, bambo anga amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Wigston. Ife timakhala ku Beaumont Leys, choncho m'mawa uliwonse amakwera mabasi awiri. Lachiwiri ndi Lachinayi akaweruka ankatsikira m'tauni n'kupita kukoleji ina, kumene ankathandiza kochi wa timu ya atsikana ya basiketibolo. Kochiyo anali mayi wachizungu amene anasewerako ku Amereka ali kukoleji. Bambo ankapopa mipira, kulemba zigoli, n'kuima pambali manja ali kumbuyo. Anatero zaka zitatu. Nthawi zina ankanditenga, ine n'kumalemba homuweki pabenchi.

Kenako mayi uja anapeza ntchito kwina, koleji n'kulengeza kuti ikufuna kochi watsopano. Amayi anga ndiwo anawauza bambo mosabisa kuti kochi watsopano amabwera ndi womuthandiza wake. Bambo akapanda kuipeza ntchitoyi, ndiye kuti zabwalo zathera pomwepo. Bambo anangoti amva, koma ndinaona kuti tiyi wawo wazizira asanamumwe.

Fomu ndinkalemba ndine, poti pa laputopu ndimafulumira. Titafika pabokosi lofunsa zimene munthu anachitapo pamasewerawa, bambo anandiuza kuti ndilembe kuti athandiza kochi zaka zitatu ndipo ali ndi satifiketi yoyamba ya ukochi ya kuno. Basi. Ine ndinkadziwa kuti si zokhazo. Tisanabwere kuno, bambo anali kochi pakoleji ina yophunzitsa aphunzitsi kumudzi kwa zaka khumi ndi chimodzi. Zimenezi ndinkazimva kwa amayi, osati kwa eni ake. Ndinafunsa chapansipansi ngati tisalembeko za ku Malawi.

"Mwanawe, munthu sadzitama yekha," anatero. "Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Zabwino za munthu amanena ndi ena."

Atapita kukasamba, ndinakhala ndikuyang'ana bokosilo. Ndikanatha kuwonjezera mizere iwiri iwo osadziwa. Sindinatero, chifukwa fomuyo inali yawo. Koma m'kabuku ndinalemba kuti ndine wamantha.

Anawaitana ku intavyu, mwina chifukwa chowadziwa kale. Apa m'pamene bambo anakonza zimene iwo ankaona kuti n'zaulemu. Anapita ku Evington kwa mkulu wa mpingo wathu, bambo a ku Zambia amene ana tonse timawatchula kuti ankolo, n'kuwapempha kuti akawalankhulire, monga mmene zimakhalira pa chinkhoswe. Amayi anaseka mpaka kugwira khoma. Anati kuno si kwawo kwa mkazi, palibe amene akukafunsira mbeta, ndipo ankolowo sadziwa n'komwe kuti mpirawo amaponya ndi manja kapena amamenya ndi mwendo. Bambo anayankha kuti chofunika si mpira koma khalidwe.

Tsikulo kunali tchuthi cha pakati pa teremu, ndiye ndinapita nawo. Ankolo anavala suti ndi tayi, ndipo m'basi monse ankaloweza zimene amayi anawalembera pakapepala. Pa risepishoni mtsikana wina anawauza mwaulemu kuti m'chipinda cha intavyu mumalowa wofunsira ntchito yekha. Ankolo anafotokoza kuti iwo ndi mkulu wa mpingo. Mtsikanayo anamwetulira n'kuwalozera mpando ndi makina a khofi. Bambo anandiyang'ana kamodzi, n'kulowa okha.

Sanakhalitsemo. Atatuluka ndinadziwa kuti sizinayende, chifukwa anayamba kufunsa ankolo ngati khofiyo anali wabwino. Pambuyo pake anatiuza kuti mafunso onse ankayankha mwachidule maso ali pansi, ndipo atafunsidwa chifukwa chake akuona kuti ndi oyenera, anati zimenezo aweruze ndi iwo ofunsawo.

Koma kunatsala gawo lachiwiri. Aliyense wofuna ntchitoyo ankapatsidwa mphindi makumi awiri kuti aphunzitse atsikana pabwalo, ofunsa aja, amene anali atatu, akuonerera. Ife anatilola kukhala pamipando ya m'mwamba. Woyamba anali mnyamata wina amene anabwera ndi tabuleti ndi timakoni take toika pabwalo ngati zizindikiro, ndipo anaphunzitsa bwino ndithu. Ndinalemba zimenezo m'kabuku kuti ndisamunamizire.

Bambo atavala wezulo m'khosi, msana wawo unawongoka. Ndinali ndisanawamvepo akulankhula mokweza chotero m'Chingerezi. Anagawa atsikana pawiri n'kupereka lamulo limodzi: palibe kunjanjitsa mpira pansi. Wougwira aupereke kwa mnzake, kenako athamangire pamalo popanda munthu. Atsikana ena anadandaula, makamaka wina wamtali amene ankakonda kuyenda nawo yekha mpira kuchokera uku mpaka uko. Poyamba zinali chipwirikiti.

"Manje atate ako achita chani apa?" ankolo anandinong'oneza. "Mpira aukaniza kugwa?"

Ndinati sindikudziwa. Koma pasanapite nthawi mpira unayamba kuyenda mofulumira kuposa miyendo. Atsikana anayamba kuitanana mayina. Kamtsikana kena kafupi, kamene zaka zonsezo ndinkakaona kakungothamanga osagwira mpira, kanagoletsa kawiri, ndipo wamtali uja ndiye anakapatsira.

Wezulo italira, mmodzi wa ofunsa, mayi wa magalasi, anafunsa bambo kumene anaphunzira njira imeneyi. Mawu ankamveka bwino mpaka kumene tinakhala. Bambo anati anaiphunzira kwa bwalo. Anafotokoza kuti bwalo la pakoleji ina ku Malawi linali la simenti yong'alukang'aluka, mizu ya mtengo itaitukula, moti mpira ukaunjanjitsa unkapita kumene wafuna wokha. Anati timu yonse inali ndi mipira iwiri, ndipo simentiyo inkaidya, ndiye pofuna kuisunga ankaphunzira kupatsirana m'mwamba. Anati mkombero umodzi woponyeramo mpira anakawotcheretsa kumsika ndipo unapendekeka pang'ono, moti alendo ankaphonya koma eni bwalo anauzolowera. Atsikana anaseka. Mayi wa magalasi uja anafunsa kuti kochi kumeneko anali ndani.

"Ndinali ine," anatero bambo.

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka khumi ndi chimodzi."

Mayiyo anatsegula fomu ija, n'kuiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kufunsa chifukwa chake sizinalembedwe. Ndinamva ngati wafunsa ine. Bambo anati analibe pepala lochitira umboni. Koma atafunsidwa za osewera awo, pakamwa panamasuka. Ananena za ophunzira amene ankabwera atazolowera netibolo, osadziwa kuti pano n'kololedwa kuyenda ndi mpira, ndi za ena amene lero ndi aphunzitsi ndipo anayambitsa matimu kusukulu zawo za kumidzi. Za ena bambo amatha kunena mpaka dzuwa kulowa. Ofunsawo ankangolemba. Ankolo anapinda kapepala kawo n'kukaika m'thumba.

Yankho linabwera Lachisanu bambo ali kushifiti. Madzulo analowa, n'kuvula nsapato, n'kufunsa amayi ngati mvula inagwanso kuno. Atakhala pansi m'pamene ananena kuti akoleji anaimba foni, ndipo ntchito awapatsa. Amayi analulutira pang'onopang'ono poopa aneba. Ine ndinangowagwira mkono bambo. Lamlungu ankolo anauza mpingo wonse kuti intavyu anakaiyendetsa ndi iwo, ndipo bambo anavomereza ndi mutu.

Madzulo a Lamlungu lomwelo anandiitana kuti ndibwere ndi laputopu. Anandipempha ndiwaonere nthawi za mabasi ochokera ku Wigston, chifukwa basi imene ankakwera kale inkawafikitsa atsikana atayamba kale kusintha nsapato. Tsopano kiyi wa holo yosewereramo adzakhala ndi iwo, ndipo sankafuna kuti ana a eni ake aziima panja pozizira kudikira kochi. Tinapeza yonyamuka msangako, bambo n'kulembera abwana awo uthenga wopempha kuti Lachiwiri ndi Lachinayi aziyamba shifiti m'mamawa.