Mchenga wa Kuseri kwa Galaja

Bambo atamwalira, ndinaganiza zogulitsa galaja yawo ya ku Kanyama. Wogula, ba Mulenga, anati tikambirana mtengo akaona malo onse. Kuseri kunali dzenje lomwe tinkatayamo oilo wakutha wa magalimoto, ndipo ndinadziwa kuti akaliona mtengo utsika. Ndinagula mchenga n'kulikwirira, pamwamba n'kuyikapo maluwa a m'zitini. Ine amene sindinadzalepo duwa chibadwire!

Ba Mulenga atabwera kudzaona malowo, anaima pomwepo, nsapato zawo zikutitimira pang'ono mumchenga.

"Nanga oilo wakutha mumataya kuti?"

"Bamabwera kutenga ba kampani," ndinayankha, maso ali pa maluwa.

Anandikhulupirira, nalipira osanenerera. Mvula itagwa, oilo uja anatumphuka n'kuyenderera mpaka m'chitsime cha amake Chanda, oyandikana nafe, amene ankandibereka kumsana ndili khanda. Akhonsolo anatseka galajayo kwa kanthawi, chindapusa n'kugwera ba Mulenga.

Mwezi watha ndinakumana nawo m'minibasi. Anandisunthira kuti ndikhale, nandifunsa za amayi. Za dzenje sanatchule n'komwe. Ndinatsika ndisanafike kwathu, kotsalako ndinayenda wapansi.