Denga Losaviika

Cha m'ma 8 koloko m'mawa, a Singano anali atayala kale nsalu yakuda ya tenti pansi, choko chili kukhutu, mgolo wa madzi uli pambali. Ntchito yawo ndi yosoka mipando ndi madenga a magalimoto, moti dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Akhala zaka makumi anayi pa makina omwewo, m'shedi ya malata kuseri kwa galaja. Chonyadira chawo n'chimodzi: palibe munthu anabwezapo denga losoka iwo.

Panja panaima kagalimoto kofiira kakale, ka mipando iwiri, kaja denga lake amapindira kumbuyo. Mwini wake, bambo amene onse amangomuti a Chipewa, ankafuna denga latsopano pofika Loweruka, tsiku limene okonda magalimoto otere amasonkhana n'kumayenda mondondozana. Apa n'kuti lili Lachinayi.

A Singano asanayeze n'komwe, anatulukira a Dokotala, mnzawo wa a Chipewa, pa galimoto yawo yatsopano, nayonso ya mipando iwiri. Anadina kabatani, denga n'kudzipinda lokha.

"Mwaona, achimwene? Chala chimodzi basi," anatero a Dokotala. "Inu mpaka kuitana aneba adzakuthandizeni kukoka."

"Imeneyo si galimoto, ndi foni ya mateyala," anayankha a Chipewa. "Yanga ikalira agalu amathawa. Yanuyo ikadutsa, ndi nkhuku yomwe siitembenuka."

Mkangano sunathe, unangosanduka makumbukiro. Anakumbutsana galimoto ya malume awo a Dokotala, yoliza ndi chitsulo chopukusa kutsogolo. Ija, eti, chitseko ukatseka umamva kuti watseka. Anakumbutsana fungo la mipando yachikopa, ndi mmene injini inkakonzedwera ndi sipanala imodzi pansi pa mtengo. Nkhani itakoma, nsapato zawo zinafika pansalu.

"Mabwana, phazi," anatero a Singano. Anaikoka nsaluyo n'kuyamba kuipindira mumgolo.

"Mukutani, mdala?" anafunsa a Chipewa.

"Ndiviike. Nsalu imeneyi ikanyowa koyamba imafupika. Igone m'madzi lero, iume mawa, ndidule mkuja."

"Mkuja ndi Loweruka!"

A Dokotala anaseka. "Zachikale izo. Nsalu za masiku ano zimabwera zokonzakonza kufakitale."

"A Dokotala, ine ndinabwerapo kuchipatala kudzakulozerani pobaya jakisoni?" anafunsa a Singano.

Onse anaseka, koma a Chipewa kuseka kwawo kunali kwa mano okha. Akanapanda kuoneka Loweruka, mnzawoyo akanawanena chaka chathunthu. "Dulani lero, mdala. Zikavuta, ndi za ine."

A Singano anayang'ana sizasi nthawi yaitali. Akanatha kukana. Koma anthu obweretsa magalimoto a denga lansalu atsala owerengeka, ndipo uyu akanyanyala akanyanyalitsa anzake onse. Mtima ukukana, manja anadula. Pofika Lachisanu masana denga linali pagalimoto, lokungika ngati chikopa cha ng'oma.

Loweruka mvula inawapeza panjira. Denga linagwira, dontho silinalowe. Dzuwa litawala, nsalu n'kuuma, a Chipewa analipinda kuti anthu awaone bwino ndi chipewa chawo. Kenaka mitambo inabweranso. Pokoka denga kuti alikole pagalasi lakutsogolo, linaperewera zala zitatu. Anakoka awiri, anakoka atatu, msoko n'kung'ambika kuti kweee! A Dokotala anangodina kabatani kawo. A Chipewa anafika kwawo atanyowa ngati nkhuku.

Lolemba anabwera nayo galimoto, amakaniko onse a m'galaja ali pompo.

"Mdalayu maso atha," anatero mokweza. "Kulephera kuyeza denga, ntchito ya mwana?"

Mawu aja akuti zikavuta ndi za ine anali atapita ndi mvula. A Singano anatenga kalumo n'kuyamba kusomola ulusi, umodziumodzi, m'mawa wonse. Nsalu ina yatsopano inali kale mumgolo, ataipsinja ndi njerwa.

A Singano ndi bambo anga ondibereka. Masana amenewo ndinawapititsira chakudya, mwana ali kumbuyo, ndipo ndinawapeza atakhala pa mpando wagalimoto wong'ambika, matabwa awiri ndi kachitini ka penti zili pamiyendo. Chakudya sanachiyang'ane.

"Mwananga, iwe dzanja lako limawerengeka. Undilembere zilembo zikuluzikulu, zoti ngakhale wothamanga pamsewu aziwerenge: PANO NSALU TIMAVIIKA KAYE. WOFULUMIRA APITE KWINA."

Ndinafunsa chifukwa chake matabwa anali awiri.

"Limodzi la pachitseko, la mabwanawo. Linalo ulembe chimodzimodzi, ndilipachike pamsomali pomwe ndimakoleka sizasi. Paja anadula ndine."